Chenjezo kwa Eni Mafiriji: Musalole Kuthira Gasi Kapena Oyilo Mwachisawawa

Ngati muli ndi firiji pakhomo, kuokala, kubala kapena kubutchala, isuntheni pang'ono lero lomwe, muone kumbuyo kwake. Pansi penipeni pali chitsulo chakuda chobulungira chimene chimang'ung'udza usana ndi usiku. Imeneyo ndiyo kompuresa. Pa iyo pamakhala kapepala komata, kawirikawiri kokutidwa ndi fumbi ndi ulusi wa akangaude. Pukutani, muunikire ndi tochi ya foni, muwerenge. Mukapeza palembedwa R600a, pambali pake pali chizindikiro chachikasu cha makona atatu chokhala ndi lawi la moto, dziwani kuti gasi amene ali mu firiji yanuyo amayaka. Mukapeza R134a, gasiyo sayaka wamba, koma oyilo amene amayenda naye sachedwa kuwonongeka akagwiridwa mosasamala. Mukapeza R12, firijiyo ndi yakale zedi, ndipo gasi wake analetsedwa. Lembani nambalayo pa kapepala, musunge pamalo poti simungaiwale.

Ndikulemba chenjezo ili chifukwa mafiriji asintha koma kakonzedwe kathu m'malo ambiri kakadali kakale. Firiji ikasiya kuzizira, mawu amene timamva ndi omwe aja: "Mayi, gasi watha, tingothira wina." Mwini firiji amatulutsa ndalama, mmisiri amabwera ndi silinda imene ali nayo tsiku limenelo, n'kuthira, firiji n'kuyambanso kuzizira, onse n'kusiyana mwamtendere. Pakangopita milungu ingapo kompuresa yapsa, nkhuku ndi nsomba zogulitsa zaola, mpamba walowa m'madzi. Zimenezi n'zopweteka, koma pali china choopsa kuposa pamenepa, ndicho moto umene ungapsereze mmisiriyo, ana amene amuzungulira kuonerera, ndi nyumba yomwe.

Tiyambe ndi mawu akuti gasi watha. Gasi wa mu firiji sathera pa ntchito. Amangozungulira m'mapaipi otsekedwa mbali zonse, kuchoka mu kompuresa, kudutsa kumbuyo kumene kumatentha kuja, kulowa mkati kumene kumazizira, n'kubwereranso. Firiji yabwinobwino ikhoza kutha zaka khumi kapena kuposerapo popanda kuwonjezeramo ngakhale galamu imodzi. Ngati gasi wachepa, ndiye kuti pena pake pabooka. Kuthira wina osapeza pobookapo ndi kutaya ndalama, ndipo pa firiji ya R600a ndi kudzazanso m'nyumba gasi woyaka amene adzatulukire pa bowo lomwelo. Nthawi zinanso gasi alibe mlandu n'komwe. Mwina chafa ndi thermostat, kapena relay yoyambitsira kompuresa, kapena labala wa pachitseko watha. Mmisiri amene wanena kuti gasi watha asanayeze kalikonse akungolota.

Kusintha kwa gasi sikunabwere chifukwa cha fashoni. Gasi wakale uja, R12, anapezeka kuti amawononga mpweya wa ozoni umene umatitchinjiriza ku cheza choopsa cha dzuwa. Mu 1987 mayiko anasainirana pangano ku Montreal, ndipo mayiko osauka ngati lathu anapatsidwa mpaka 2010 kuti aleke kugwiritsa ntchito gasi wa mtunduwo. M'malo mwake munalowa R134a, amene sakhudza ozoni koma amatenthetsa dziko kwambiri: kilogalamu imodzi ya gasiyu ikathawira mumlengalenga imachita zofanana ndi makilogalamu 1,430 a mpweya wa kaboni dayokisaidi. N'chifukwa chake mu October 2016 ku Kigali, m'dziko la Rwanda, mayiko anagwirizananso kuti nayenso achepetsedwe pang'onopang'ono. Gasi wa R600a, amene dzina lake ndi isobutane, pa muyezo womwewo amangofika pa 3. Anayamba kutchuka ku Germany cha mu 1993, bungwe la Greenpeace litagwirizana ndi kampani ya Foron kupanga firiji yotchedwa Greenfreeze. Lero mafiriji a m'nyumba mamiliyoni mazanamazana padziko lapansi akuyendera gasi ameneyu, ndipo atsopano ambiri amene tikugula m'masitolo mwathu, kaya amene abale amatitumizira kuchokera ku Joni, ndi a mtundu umenewu. Ine ndimamuyamikira gasiyu. Ndi wabwino ku chilengedwe, sadya magetsi ambiri, ndipo mu firiji yosabooka sangakuchiteni kanthu. Vuto limayamba pamene munthu watsegula mapaipi.

Tsono nkhani ya oyilo, imene eni mafiriji ambiri sanaimvepo. Mkati mwa kompuresa muli mota ya magetsi ndi pisitoni kakang'ono, zonse zotsekeredwa m'chitsulo chimodzi. Pansi pake pamakhala oyilo wochepa, wosakwana theka la lita. Oyiloyu amafewetsa zitsulo kuti zisaperesane, amachotsa kutentha, amatseka timipata ta m'mbali mwa pisitoni, ndipo chifukwa amakhudzana ndi mawaya a mota, ayenera kukhala woti magetsi sangadutsemo. Chinanso n'chakuti oyilo sakhala phee pansipo. Wina pang'ono amatengedwa ndi gasi, kuzungulira mapaipi onse, ndipo ayenera kubwerera. Kuti abwerere, afunika akhale wogwirizana ndi gasiyo, woti n'kusakanikirana naye ngakhale kumalo kozizira kwambiri. Gasi aliyense ali ndi oyilo wake. R12 ankayenda ndi oyilo wa mineral. R134a sasakanikirana ndi oyilo ameneyo, choncho anamupangira wina wotchedwa POE. R600a amayenda bwino ndi oyilo wa mineral kapena wa alkylbenzene, koma wopyapyala kwambiri.

Kupyapyala kumeneko ndi kumene kumakupulumutsirani mayunitsi a magetsi. Kompuresa ya firiji ndi yaing'ono, koma imagwira ntchito chaka chonse osapuma, ndipo mphamvu ina imathera pongolimbana ndi kukhuthala kwa oyilo. Opanga makompuresa akhala akuchepetsa kukhuthalako, moti ambiri a R600a masiku ano amayendera oyilo wa muyezo wa ISO VG 10, VG 7, enanso mpaka VG 5. Kuti zitheke, timipata ta pakati pa zitsulo anatipanga tating'ono kwambiri mogwirizana ndi oyilo woteroyo. Oyilo wa injini ya galimoto wa 20W-50 ndi wokhuthala kuposa pamenepa kakhumi n'kupitirira. Mukamuthira mu kompuresa yotere, mota imavutika podzuka, imatentha, imakoka magetsi ambiri, ndipo mudzadabwa kuti mayunitsi amene ankakufikitsani kumapeto kwa mwezi akuthera pakati. Komanso oyilo wa galimoto ali ndi mankhwala owonjezera oyenera injini yotentha, ndipo sanakonzedwe kuti azifika kozizira. Akafika kumeneko amalimba, n'kutseka kapaipi kowonda kaja kamene gasi amadutsamo asanalowe mkati mwa firiji, kamene bowo lake silikwana milimita imodzi. Kakatsekeka, kompuresa imangolira koma firiji osazizira.

Oyilo wa POE ali ndi khalidwe lake loti aliyense wa firiji ya R134a alidziwe. Amayamwa chinyezi cha mumpweya mofulumira kwambiri, ndipo chinyezicho chimatha kulowa ngakhale kudzera m'botolo la pulasitiki lotseka. N'chifukwa chake amagulitsidwa m'zitini zachitsulo zomata, ndipo opanga amalangiza kuti kompuresa yake isasiyidwe yotsegula kwa mphindi zoposa 15. Madzi akalowa, oyiloyo amasanduka asidi pang'onopang'ono. Asidiyo amadya vanishi wokuta mawaya a mota mpaka mawayawo agundane, kompuresa n'kupsa. Amene anaonapo oyilo wotuluka mu kompuresa yopsa akudziwa zimene ndikunena: amene analowa woyera mbee amatuluka wakuda bii, wa fungo loswa mphuno, ndipo akakudontherani pa khungu amayabwa. Mukaona mmisiri akutulutsa m'chikwama oyilo wa m'botolo la chakumwa, lopanda dzina, lotsekedwa ndi kapepala ka pulasitiki, muuzeni mwaulemu kuti ameneyo ayi. M'nyengo ya dzinja, mpweya uli wodzaza chinyezi, firiji yosiyidwa mapaipi ali pululu kuyambira m'mawa mpaka madzulo podikira kuti sipeya abwere kuchokera ku tauni yawonongeka kale isanakonzedwe.

Kusinthanitsa magasi ndiye kulakwa kumene ndikuopa kwambiri. Kompuresa ya R600a inapangidwa kuti izikankha gasi wambiri pa mphamvu yochepa. Mukathiramo R134a, mota imalemedwa, ndipo oyilo wa mineral uja akatuluka sabwereranso, amakatsalira kozizira, zitsulo n'kumaperesana zouma. Mukathira R600a mu firiji ya R134a, kuzizira kumachepa, koma choopsa chenicheni chili pa magetsi. Firiji yopangidwira gasi woyaka imakhala ndi maswichi ndi thermostat zotsekedwa bwino kapena zoikidwa pamalo poti gasi sangafikepo. Firiji ya R134a ilibe chitetezo chimenecho. Gasi akadontha usiku n'kudzazana mkati chitseko chili chotseka, kamoto kothetheka pa thermostat kapena pa swichi ya babu munthu akatsegula m'mawa n'kokwanira kuphulitsa. Ndipo pali ena amene amafika pothira gasi wophikira chifukwa ndi wotchipa ndi wopezeka paliponse, akuti ndi pachibale ndi R600a. Gasi wophikira ndi wosakaniza, ali ndi propane amene mphamvu yake ndi yaikulu, ali ndi chinyezi, ali ndi mankhwala a sulufule omupatsa fungo. Zonsezi ndi adani a oyilo ndi kompuresa. Musalole, ngakhale mtengo wake ukome bwanji.

Muyezo nawonso si wongoganizira. Malamulo a chitetezo otsatidwa m'mayiko ambiri salola firiji ya m'nyumba kukhala ndi gasi woyaka woposa magalamu 150, ndipo mafiriji ambiri amakhala ndi wochepa kuposa magalamu 100. Nambala yeniyeni yalembedwa pa kapepala kena, mkati mwa firiji kapena kumbuyo. Pa gasi wochepa chonchi, kuphonya ndi magalamu owerengeka chabe kumasintha kagwiridwe ka ntchito. Njira yakale yothira kwinaku ukugwira paipi ndi dzanja kuti umve ngati yazizira siigwira pa R600a. Pamafunika sikelo ya magalamu. Mmisiri wopanda sikelo, wopanda mpope wa vakyumu wochotsera mpweya ndi chinyezi m'mapaipi, asayambe n'komwe ntchitoyo.

Kwa inu amisiri, abale anga, ndikudziwa kuti ambiri munaphunzira ntchito pa R12 ndi R134a, ndipo manja anu anazolowera kuyatsa moto wowotcherera n'kumasula paipi mosavuta. Pa R600a chizolowezi chimenechi chikhoza kukuchotsani nkhope. Gasi ameneyu amasungunuka kwambiri mu oyilo. Mukatsegula paipi n'kumva kuti kufwerera kwasiya, musaganize kuti watha. Wina akadali mu oyilo pansi pa kompuresa, ndipo akamva kutentha kwa moto wanu amatuluka n'kukumana ndi lawi. Tulutsirani gasi panja pa mpweya, kutali ndi mbaula ndi osuta fodya. Gwedezani kompuresa kuti wobisala mu oyilo atuluke, kokani ndi vakyumu, tsukani mapaipi ndi nayitirojeni wouma, ndipo paipi yakale muidule ndi chodulira, osati kuimasula ndi moto. Pali zolumikizira mapaipi zosafuna moto, monga za Lokring, zimene ndi bwino kuziphunzira. Filter drier muzisintha nthawi iliyonse imene mwatsegula mapaipi. Ndipo chonde, chonde, musayeze pobooka popopera okosijeni wa m'silinda yowotcherera. Okosijeni wopanikizika akakumana ndi oyilo amaphulika popanda machesi. Zimenezi n'zoona pa firiji ya gasi wa mtundu uliwonse.

Gasi wachinyengo aliponso, ndipo anaphapo anthu. Mu 2011 makontena oziziritsa a pa sitima za pamadzi anaphulika ku Vietnam ndi ku Brazil, amisiri atatu n'kufa. Zinapezeka kuti masilinda olembedwa R134a anali ndi gasi wina, R40, amene akakumana ndi aluminiyamu wa mu kompuresa amapanga mankhwala oyaka okha akangokhudzana ndi mpweya. Awo anali makontena a makampani akuluakulu okhala ndi akatswiri awo. Nanga ife amene timagula gasi wopungulidwa m'silinda yopanda mwini wodziwika? Pansi pa mgwirizano wa ku Kigali, mayiko ngati lathu ayenera kuchepetsa magasi a mtundu wa R134a ndi magawo 10 pa 100 pofika 2029, ndi magawo 80 pa 100 pofika 2045. Chinthu chikayamba kusowa mtengo umakwera, ndipo mtengo ukakwera achinyengo amachuluka. Silinda yotchipa modabwitsa, ya zilembo zolakwika, yopanda dzina la kampani yopanga, muikane.

Palinso ngozi imene timaiyambitsa tokha popanda mmisiri. Ayezi akachuluka mufiriza, ambiri timatenga mpeni kapena sukuludiraiva n'kuyamba kugoba. M'chitsulo chopyapyala cha aluminiyamu chimene ayezi wamatirirapocho ndi mmene mumadutsa gasi. Nsonga ya mpeni ikangoterereka, mumamva "psii", mwina n'kuona kautsi koyera ndi timadontho ta oyilo. Apo firiji yabooka. Gasi wa R600a alibe fungo lokuchenjezani, ndi wolemera kuposa mpweya choncho amatsikira pansi, ndipo amayaka akangofika pafupifupi magawo 2 pa 100 a mpweya wa pamalopo. Zikatero musayatse machesi, musakhudze swichi ya m'chipindacho, musazule pulagi pafupi ndi firijiyo chifukwa nayo imathetheka. Tulutsani mbaula ndi kandulo, tulutsani ana, tsegulani zitseko ndi mawindo, ndipo magetsi mukazimitsire pa swichi yaikulu ngati ili kutali ndi chipindacho. Ayezi amachoka yekha: zimitsani firiji, siyani chitseko chotsegula, ikani beseni la madzi ofunda mkati, dikirani.

Opanga mafiriji amalangiza kuti pa magalamu 8 aliwonse a R600a, chipinda chikhale ndi malo okwana mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu. Firiji ya magalamu 64 ikufuna chipinda chosachepera mamita 2 mbali zonse. M'nyumba zambiri malo oterewa alipo. Koma ganizirani kaokala kothina kamene muli firiza yaikulu, makatoni mpaka kudenga, kawindo kamodzi kogulitsirapo, ndipo magetsi akazima mwiniwake amayatsa kandulo n'kuika pansi. Malo ngati amenewo ndi amene akundisowetsa mtendere.

Kuzimazima kwa magetsi kumawonjezera mavuto onsewa. Tikukumbuka mmene zinthu zinalili namondwe wa Ana atawononga damu la Kapichira mu January 2022, dziko n'kutaya mphamvu pafupifupi mamegawati 130. Magetsi akathima n'kuyaka nthawi yomweyo, gasi amakhala akadali wopanikizika mbali imodzi, mota imalephera kudzuka, mumangomva kulira kenako "tcha", kulira kenako "tcha". Kulikonse kwa kuyesa kumeneko kumatenthetsa mawaya ndi kupsereza oyilo. Magetsi akazima zimitsani firiji pa soketi, akabwera dikirani mphindi zosachepera 5. Kachipangizo kotchedwa fridge guard kamachita zimenezi kokha, ndipo mtengo wake sungafanane ndi wa kompuresa yatsopano. Musalolenso mmisiri kuchotsa overload yoteteza kompuresa n'kulumikiza mawaya mwachindunji poti ikudula pafupipafupi. Ikudula chifukwa ikuteteza. Moto wa pa nyumba yosanja ya Grenfell ku London pa 14 June 2017, umene unapha anthu 72, kafukufuku wa boma anapeza kuti unayamba ndi vuto la magetsi mu firiji ya m'nyumba imodzi. Unafalikira chifukwa cha zomatira kunja kwa nyumbayo, koma poyambira pake panali pa firiji.

Choncho mmisiri akafika pakhomo, mulandireni bwino, koma funsani, pakuti safunsa anadya phula. "Amisiri, firijiyi ndi ya gasi wanji?" Ngati ayankha asanawerame kuwerenga kapepala kaja, chenjerani. "Pabooka pati, tandionetsani." "Silinda yanuyo yalembedwa chiyani?" "Muthira magalamu angati, sikelo ili kuti?" Ngati akusintha kompuresa, onetsetsani kuti yatsopanoyo yalembedwa gasi yemweyo wa pa firiji. Kompuresa yatsopano imabwera ndi oyilo wake kale, mapaipi ake ali otsekedwa ndi timalabala, ndipo safunika kuwonjezera wina. Yakale yochotsedwa pa firiji ina, imene yakhala pa msika mapaipi ali pululu, yamwa kale chinyezi ndi fumbi. Mmisiri wodziwa ntchito sakwiya ndi mafunso amenewa, amakondwa kuti wapeza kasitomala womvetsa chifukwa chimene ntchito yabwino imakwerera mtengo. Alipo amisiri otere, ena anadutsa m'masukulu a ntchito zamanja a pansi pa TEVETA, ena anachita maphunziro a kagwiridwe ka magasi atsopanowa. Afunefuneni, ndipo muwalipire moyenera. Ntchitoyo ichitikire panja kapena pakhonde, ana ali kutali.

Posamuka, firiji inyamulidwe choimirira. Ikagonekedwa pa lole kapena pa ngolo, oyilo amachoka pansi pa kompuresa n'kulowa m'mapaipi. Mukafika iimikeni, isiyeni maola angapo, anayi kapena kuposerapo, musanailumikize ku magetsi, kuti oyiloyo abwerere.

Firiji ikafa ndithu, musaisiye kuseri kwa nyumba kuti ana azithyola mapaipi, ndipo musaipereke kwa ogula zitsulo zakutha gasi akadali momwemo. Anyamata amene amadula makompuresa ndi girayinda pofuna waya wa kopa amathethetsa moto pa chitsulo chimene mkati mwake muli oyilo wodzaza gasi. Zoyerayera zofewa za m'makoma a firiji nazonso zimayaka msanga ndi utsi wakupha, choncho si zokolezera moto. Itanani mmisiri achotse gasi bwinobwino, oyilo amuthire m'chitini chotseka osati pansi kapena m'ngalande, ndipo chitseko cha firijiyo muchigwejule chisanakhale malo obisalirana ana.